Mtengo wa Chikwama cha Thanga

A Malume anayamba kukayika tsiku limene anapeza mwana wa mlongo wawo akuyeza mtanda wa thanga la boti ndi tepi. Atangowaona, mwanayo anakulunga tepiyo msangamsanga n'kuiponya m'thumba, nkhope ili gwa ngati palibe chachitika.

"Ukuyezanji?" anafunsa a Malume.

"Palibe, Malume. Ndimangoona."

"Kuona ndi tepi? Maso ako atha ntchito?"

"Tiyi ali m'fulasikimo. Ndakuthirirani kale shuga."

Shuga eti. Chiyambire kugwira ntchito limodzi, mwana ameneyu anali asanawathirirepo shuga m'tiyi. A Malume anamwa tiyiyo ataimirira, diso limodzi lili pathumba muli tepi muja.

Padoko ponse ankawatcha Malume, ngakhale madala aimvi kuposa iwo, koma mwini wake weniweni wa umalumewo anali mkazi ameneyu, amene alendo ankamutcha Kaputeni. Boti la thanga limene awiriwa ankagwirapo ntchito linali lake. Linali la malemu bambo ake, alamu awo a Malume, ndipo atamwalira anamusiyira botilo pamodzi ndi a Malumewo, amene anali atakhalitsapo ngati mlongoti. Ntchito inali yotenga alendo olipira, kukawazungulitsa panyanja kuti ajambule zithunzi, ena asanze, kenako n'kuwabweza kudoko.

Kaputeni ankakhala kuchiwongolero. A Malume malo awo anali kumlongoti, ndipo chimene chinkawadyetsa chinali thanga lalikulu. Kulikweza si nkhani, pali chopukusira chingwe. Nkhani ili polibweza. Thanga silitsika mwaulemu ayi. Ukamasula chingwe limangoti khuthu, kuphimba denga la kanyumba ka pabotipo, kukwirira alendo, mbali ina n'kumafuna kukamwa madzi. Ndiye pamafunika munthu akwere padengapo boti likugwedezeka, alikumbatire, alipinde bwinobwino pamwamba pa mtanda, chimtengo chopingasa chija chimene chimagwira m'munsi mwa thanga, n'kulimanga. Zaka zonsezi munthuyo anali a Malume, ndipo ankapinda mwaluso moti eni maboti ena ankaima n'kumaonerera.

Koma panali chinthu chimene a Malume sanauze munthu padokopo. Phewa lawo lamanja linali litayamba kukana. Mkono sunkafikanso pamutu, ndipo akaukakamiza unkalasa ngati wina wawabaya ndi msomali wamoto. Ankapinda thanga ndi dzanja lamanzere, lamanja n'kumangoperekeza. Chaposachedwapa mphepo itawomba mwadzidzidzi thanga linawapulumuka, theka lonse n'kugwera m'madzi, mayi wina mlendo n'kukuwa. Iwo ananamizira mphepo. Kaputeni anangowathandiza kulivuula n'kupitiriza ulendo, ndipo zimenezo n'zimene zinkawadya mumtima. Ankaopa, tinene zoona. Munthu wa msinkhu wawo, wa mkono umodzi ndi theka, akachotsedwa paboti angakalembedwe kuti?

Ndiye lero tepi ndi shuga, mawa akuti, "Siyani chigubucho Malume, ndinyamula ndine." Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi, ndipo a Malume analibe maganizo okhala mbuzi yokondwa.

Chimene chinkayezedwacho ankachiganizira ndithu. Boti loyandikana nawo linali nacho. Chinali chikwama chachitali cha nsalu yolimba, chogona pamwamba pa mtanda kukamwa kuli yasa, ndi tizingwe totsika kuchokera kumlongoti mbali zonse ziwiri ngati mpanda. Mwini wake akamasula chingwe ali kuchiwongolero komweko, thanga limatsika pakati pa tizingweto n'kudzilowetsa lokha m'chikwama, iye n'kungobwera kudzakoka zipi. Basi, ntchito yatha, munthu mmodzi, dzanja limodzi. Nanga bambo amene ankapinda thanga pabotilo anali kuti? Anali pageti la doko, akutsegulira magalimoto, atavala yunifomu yosamukwana. A Malume ankamupatsa moni m'mawa uliwonse osamuyang'ana kumaso, chifukwa chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Kunyumba nakonso kunayamba kununkha kanthu. Masana ena atalowa anapeza akazi awo ali pafoni kukhitchini, mawu ali pansipansi, mpopi atautsegula kuti madzi azisokosa. Atamva chitseko anadula foni n'kuyamba kutsuka mbale yotsuka kale.

"Mumalankhula ndi ndani?"

"Ndi anzanga."

"Anzanu ake ati amene mumawatcha mwananga?"

"Inu, mwayamba liti upolisi? Vulani malayawo ndikupakeni mankhwala."

Ana awo onse awiri ankaimba foni kumapeto kwa mwezi kokha, ndipo apa mwezi unali pakati. Ndiye mwananga wake uti, ngati si Kaputeni? A Malume anakhala pampando, akazi awo akuwasisita phewa, iwo mutu uli pa ntchito. Mkazi wako, mwana wa mlongo wako, onse kunong'onezana za iwe. Mankhwalawo tsiku limenelo anawawa kuposa masiku onse.

M'mawa mwake, m'malo molunjika kuboti, anakhotera kwa a Telala.

A Telala anali wosoka matanga wa padokopo, mnzawo wakale wa malemu alamu. Malo awo anali chipinda chachikulu pamwamba pa sitolo ya penti, chopanda mipando, pansi pali mbee posalala ndi nsalu zokokedwapo. Makina osokera anali m'dzenje pakati pa chipindacho, ndipo a Telala ankakhala m'dzenjemo, kungoonekera kuyambira m'chiuno, nsalu n'kumawadzera pansi pomwepo. Munkanunkha guluu ndi ulusi wopsa.

"Vulani nsapato, Malume. Pansi mukupondapo ndiye tebulo langa."

A Malume anavula nsapato, n'kukhala m'mphepete mwa dzenjelo, miyendo ili lendelende. Anali ataganiza kale njira. Munthu wokonda kulankhula sumufunsa, umangoonetsa ngati ukudziwa kale.

"Ndabwera za chikwama chija," anatero.

"Oho, wakuuzani? Zakhala bwino. Ine anachita kundilumbiritsa kuti ndisakutsineni khutu, ndipo mukudziwa pakamwa panga, ndavutika nazo."

Galu wamkota sakandira pachabe. Ndiye zinali zoona, ndipo mpaka kulumbiritsana.

"Mtengo wake mwamuuza bwanji?"

A Telala anaimitsa makina n'kuyamba kutchula, chala chili m'mwamba. Nsalu yosaopa dzuwa, zipi yaitali yosachita dzimbiri, tizingwe tija ndi timagudumu take, kanjanji kachitsulo kokhomera pamtanda kuti chikwama chigwirepo, ndi thukuta lawo.

"Koma ndamuchitira wa pachibale, ndi mwana wa mnzanga uja. Akuti zimene wasunga nyengo ino zikwanira ndendende, n'kutsalako ya mafuta."

A Malume ankayembekeza mtengo woopsa, woti mwanayo akangoumva athawe yekha. Koma ayi. Luso lawo lonse, zaka zawo zonse padenga lija, zinali kugulidwa ndi phindu la nyengo imodzi, n'kutsalako ya mafuta. Zinawapweteka kwambiri.

"Mwachita bwino kubwera nokha," anapitiriza a Telala. "Chatsala n'chimodzi, ndipo ndimafuna inuyo. Mtanda uli bwanji?"

Apa mpofunika kudziwa kagwiridwe ntchito ka a Telala. Maondo awo anatha kalekale, ndipo paboti sankakwera. Miyeso ankachita kuwabweretsera. Koma za thanzi la mtanda kapena mlongoti sankafunsa mwini boti, ankafunsa wantchito wa pabotipo. Ankati eni maboti amanama kuti mtengo utsike, koma munthu amene amaukumbatira mtandawo tsiku ndi tsiku sanganame, chifukwa ukathyoka umathyokera pamutu pake. Lamulo limeneli linali lisanawagwiritsepo mwala.

"Ndikhomapo masikuluwu ambirimbiri," anatero. "Mtanda wodwala sindiusokera chikwama, ndingaononge dzina langa. Khutu lanu ndimalikhulupirira. Uli bwanji?"

Mtanda umenewo a Malume ankaudziwa kuposa msana wa akazi awo. Alamu awo ndiwo anausema ndi manja, a Malumewo akugwirizira. Chaka chilichonse ankaupala n'kuupaka vanishi okha. Unali wolimba ngati fupa, ndipo ukanatha kuona zidzukulu za Kaputeni. Anayang'ana zala zawo zakuphazi, anayang'ana nsalu yoyera ili tambalale pansi, ndipo anaona geti lija ndi yunifomu yosakwana.

"Wawola," anatero.

"Aa. Pati?"

"M'kati, cha kufupi ndi mlongoti. Kunjaku vanishi akungonamiza anthu."

A Telala anavula magalasi n'kupukuta m'maso. "Ndiye zasintha. Zasintha kwambiri." Chala chija chinakweranso m'mwamba. Mtanda watsopano wachitsulo chopepuka, woitanitsa kutali. Lole youbweretsa. Zitsulo zina zoulumikizira kumlongoti, popeza zakalezo sizingagwirizane nawo. Ndiye chikwamacho pamwamba pake. Mtengo unakwera katatu a Malume ali chikhalire pomwepo, ndipo pamene ankavala nsapato pamasitepe anadzimva opepuka ngati mnyamata. Ndalama za nyengo zitatu mwana uja sangazisunge. Anafika kuboti akuimba mluzu.

Sipanapite nthawi, Kaputeni anabwera nayo nkhaniyo. Anawapeza akupukuta zitsulo, n'kuima pafupi, manja ali m'thumba.

"Malume, ndamva kwa a Telala kuti mtanda wawola."

"Wamva bwanji kwa a Telala? Umakatani kumeneko?"

Mwanayo anayang'ana kumbali. "Ndimafunsa mitengo ya zinthu. Koma n'zoona? Bwanji simunandiuze?"

"Sindinafune kukudetsa nkhawa."

"Tandionetsani."

A Malume anatenga kanyundo, n'kukwera padenga. Anagogoda pakati pa mtanda, ndipo unalira bwino, ngo ngo ngo. Kenako anasendera kufupi ndi mlongoti, pamene panali lamba wachikopa wokulunga mtandawo kuti chingwe chisaudye, n'kugogoda m'mphepete mwenimweni mwa chikopacho. Panamveka phu phu, mawu ogonthera. Pachikopa paliponse pamalira choncho, koma Kaputeni anakulira kuchiwongolero, za mitengo ankasiyira malume ake.

"Wamva kusiyana kwake?"

"Ndamva."

Kaputeni anaika dzanja pamtandapo n'kuusisita pang'onopang'ono, monga amachitira munthu ndi mwana wodwala. "Ababa anausema okha," anatero, mawu ali pansi. A Malume anatsika padenga msanga, akuti akaone ngati zingwe zomangira boti zili bwino.

Za chikwama sizinamvekenso. Tepi inasowa, ndipo a Malume anati kumtima kwawo nkhondo yatha. Koma akulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo umakutsata. Wawo unawatsata mpaka panyanja.

Kaputeni anayamba kuchita zachilendo. Alendo akakhala pansi pa mtanda ankawasamutsa. Mphepo ikangolimba pang'ono ankalamula kuti thanga litsike, n'kuliza injini, alendo n'kumadandaula kuti sanalipirire utsi. Tsiku lina la mphepo yabwino, yoti boti liuluke, anabweza gulu lonse la anthu padoko n'kuwabwezera ndalama zawo. A Malume anaona kuti zikupita kolakwika.

"Iwe mwana, ukutaya ndalama chifukwa chiyani? Mtandawu ungathe kupirira nyengo ina, ngakhale ziwiri."

"Mwanena nokha kuti wawola m'kati."

"Kuwola kumasiyana. Uku n'kwapang'ono."

"Malume, ndiike ana a eni pansi pa chinthu chowola pang'ono? Nanga inuyo, amene mumagona pamenepo ndi chifuwa?"

A Malume anagwira njakata. Akanati anamva molakwika, mwanayo akanakondwa n'kuthamangira kwa a Telala, chikwama n'kubwera. Akanapitiriza kuti wawola, boti likanapitiriza kuyenda ngati nkhalamba. Anasankha kukhala chete, akudzitonthoza kuti mantha a mwanayu atha okha. Komabe kukayika sikunawachoke, kunangosintha malo. Tsopano ankamuona akulankhula pafoni kumapeto kwa doko, atawafulatira. Tsiku lina anamuona ataima ndi bambo wina wa mapewa otambalala, wa m'maboti onyamula katundu, akuloza mlongoti. Atamufunsa anati ndi munthu wongofunsa njira. Njira yopita kumwamba kwa mlongoti?

Yankho linabwera pa lole, m'mawa wina kukutentha kale. A Malume akufika padoko anapeza lole itaima pafupi ndi boti lawo, anthu akutsitsa chinthu chachitali chokulungidwa m'mapulasitiki. Atang'amba mapulasitikiwo munatuluka mtanda wachitsulo, wotuwa, wozizira, wopanda fungo lililonse. Mtanda wa alamu unali utamasulidwa kale, uli gone pa simenti.

"Ichi n'chiyani?" anafunsa, ngakhale maso anali nawo.

"Mtanda watsopano," anatero Kaputeni. "Sindikanatha kudikira. Zonse zimene ndinasunga zalowa mmenemu, ndaonjezanso ndi injini ya kabwato kathu kakang'ono kaja, ndaigulitsa."

"Bwanji osandifunsa?"

"Mukanati upirira nyengo ina."

A Malume anayang'ana mtanda wachitsulowo. Ndalama za mwana wa mlongo wawo, zonse, kupita pa chinthu chosafunika. Chikumbumtima chinawatsina, koma pansi pake, tisabise, panali kachimwemwe. Ndalama zatha, ndiye kuti chikwama chafa.

"Chabwino," anatero. "Mtanda ndi mtanda. Ndizolowera kupindira pachitsulo."

"Malume, tiyeni tikhale pansi."

Anakakhala m'boti, pabenchi ya alendo, moyang'anizana. Kaputeni anavula chipewa n'kuchiika pamaondo. Nkhope yake inali ya mayi ake, mlongo wawo uja, makamaka akafuna kunena chinthu chovuta.

"Ndimafuna kuika chikwama cha thanga," anayamba. "Ngati cha aneba athuwa."

"Ndikudziwa," anatero a Malume, mawu ali ouma. "Ndinadziwa kalekale. Umayesa ndine mwana? Chikwama chibwere, nkhalamba ipite kugeti."

Kaputeni anadzidzimuka.

"Kugeti? Malume, chikwamacho chinali chanu."

"Changa bwanji?"

"Azakhali anandiuza za phewa. Akuti m'mawa amachita kukuvekani malaya. Ngakhale akanapanda kundiuza, ine ndili ndi maso, ndimakuonani mukupinda ndi dzanja limodzi. Tsiku lija thanga linagwera m'madzi, inuyo munatsala pang'ono kulitsatira. Ndiye ndinati ndiike chikwama, inu musamakwerenso padenga. Muzingomasula chingwe, thanga lilowe lokha, mukoke zipi ndi dzanja lamanzere. Zina zonse mumazitha, kumangirira boti, kuwerenga mphepo, kuseketsa alendo. Mukanakhala pano mpaka mutatopa nokha."

"Nanga kubisako?"

"Ndikanakuuzani mukanavomera? Inu amene mumati chikwama n'cha anthu aulesi? Ndimafuna mungochipeza chili pamenepo, mukalipe tsiku limodzi, basi."

A Malume anamva ngati benchi yachoka pansi pawo. Shuga uja, chigubu chija, mpopi wotsegula uja, zonse zinabwera pamodzi n'kumveka tanthauzo lake. Anachita manyazi aakulu, ndipo pamwamba pa manyaziwo panabwera mantha, chifukwa anaona kumene nkhaniyo inkapita.

"Chikwamacho tidzaika chaka chamawa," anatero mofulumira. "Ine ndipirira."

"Chaka chamawa sindidzakhala nditapeza ndalama zimenezo, mwinanso chinacho. Ndipo sindingakusiyeni muzikwera padenga paja ndi mkono umodzi. Mukadzagwera m'madzi ndidzawauza chiyani azakhali?" Anapotokola chipewa chija m'manja. "Pafunika munthu wa manja awiri. Ndipo boti ili silingalipire anthu atatu, mukudziwa inunso. Bambo munandiona nawo aja ayamba sabata yamawa."

"Phewa langa lili bwino. Mankhwala akugwira."

"Kwezani mkono, Malume."

"Iwe, ndine malume ako."

"Ndikudziwa. Kwezani mkono mugwire chipewa chanu."

Anayesa. Mulungu ndi mboni, anayesa ndi mphamvu zawo zonse. Mkono unakwera kufika pachifuwa, kufika pachibwano, n'kuyamba kunjenjemera, thukuta lili kamukamu pamphumi. Chipewa chinali pomwepo, pafupi, koma zala sizinafike. Mkonowo unagwa wokha pamwendo.

Kaputeni anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. "Pepani. Mtandawu ukanapanda kuwola, bwenzi zonse zili bwino. Si mlandu wanu. Mwinanso mwapulumutsa moyo wa munthu pouzindikira msanga."

Mawu anali pakamwa pa a Malume, okonzeka kutuluka. Koma akanathandiza chiyani? Mtanda wachitsulo unali utadulidwa kale pa muyeso wa boti lawo, utabooledwa, sukanabwezedwa. Ndalama zinali zitapita, injini ya kabwato itapita. Chimene chinatsala m'manja mwawo chinali chimodzi chokha, kuti mwanayu ankawayesabe munthu woona. Anatseka pakamwa kuti asunge chimenecho.

Woyendetsa lole analiza hutala, n'kutulutsa mutu pawindo. "Mayi, chimtengo chakalechi tikutenga kapena chitsala? Ine ndili ndi ulendo wina."

"Chitsala," anayankha Kaputeni akutsika m'boti. "Pitani." Kenako anatembenukira kwa a Malume. "Ndikufuna ndisunge mbali yabwinoyo, ndikaike kunyumba. Ndingodula kowolako n'kutaya."

"Usavutike lero," anatero a Malume akumutsatira. "Kwatentha. Ndidzadula ndine mawa."

"Ndi phewa limenelo? Khalani pamthunzi."

Kaputeni anatenga sowo m'bokosi la zida, n'kugwada pa simenti. Anamasula lamba wachikopa uja, n'kuika mano a sowo pamalo enieni pamene a Malume anagogoda. Mtengo wowola sowo imangolowa ngati ikudula buledi. Apa inalimbana. Kaputeni anakoka, anakankha, mkono ukuuma, utuchi ukutuluka woyera, wouma, wonunkhira ngati mtengowo wagwetsedwa dzulo. Chidutswa chitagwa anachitola n'kuchitembenuza. M'kati munali mosalala, mizere ya zaka ili ndondondo, popanda ngakhale kadontho kakuda.

Anachiyang'ana, n'kukanda ndi chikhadabo. Sanawayang'ane a Malume.

"Mwina ndaphonya," anatero. "Mwina ndi chakuno."

Anasendeza sowo pang'ono n'kuyambanso. A Malume anaima chiimire padzuwa, manja ali lende, akumva kulira kwa sowo ikudya ntchito ya alamu awo. Chidutswa chachiwiri chinagwa n'kugubuduka mpaka kudzagunda nsapato yawo. Chinali choyera ngati choyamba.

"Iwe mwana," anatero. "Siya."

"Ayi, Malume, muli powola mmenemu. Inu munamva ndi khutu lanu."

Thukuta ndi misozi zinali zitasakanikirana pachibwano pake, zikudonthera pa vanishi. Anapukuta mphuno ndi mkono, anasendezanso sowo, n'kuyamba kudula kachitatu.